Jezi yopangidwa ndi mabotolo: zomwe kalebulo sikanena

Majezi ambiri a Adidas ndi Nike masiku ano amabwera ndi kalebulo konena kuti nsalu yake ndi yochokera ku mabotolo a pulasitiki. Si bodza ayi. Mabotolowo amatsukidwa, kuphwanyidwa tizidutswa, kusungunulidwa, kenako phala lakelo amalikankha kudzera m'timabowo kuti lituluke ngati ulusi wopyapyala kuposa tsitsi. Kampani ya zovala ya ku America ya Patagonia inayamba kusoka majuzi a mtunduwu mu 1993, ndipo mu 2018 Adidas inalonjeza kuti pofika 2024 izidzagwiritsa ntchito poliyesitala (ulusi wa pulasitiki) wotereyu yekhayekha. Phindu lilipo, chifukwa mafuta okumbidwa pansi amene akanapanga ulusi watsopano amapulumuka.

Koma ife a ntchito ya nsalu timadziwa pomwe nkhaniyi imatsimphina. Botolo ukhoza kulisungunula n'kupanganso botolo lina, kangapo konse. Likasanduka jezi, ulendo wake wathera pomwepo. Tembenuzani kabudula wothamangira muwerenge kalebulo ka m'chiuno: kawirikawiri poliyesitala amakhala wosakaniza ndi elastane, ulusi wotamuka uja umene umachititsa chovala kugwira thupi. Kulekanitsa awiriwa n'kovuta komanso kodula. Ndiye palinso utoto, zipi, nambala ndi baji zomata ndi moto. Lipoti la 2017 la bungwe la ku Britain la Ellen MacArthur Foundation linapeza kuti nsalu yobwerera kudzakhala chovala chatsopano sifika ngakhale 1 peresenti. Komanso jezi ya mabotolo, monga inzake iliyonse ya poliyesitala, imasiya timaulusi ta pulasitiki m'madzi nthawi iliyonse ikachapidwa.

Kumene kumatuluka utsi wambiri n'kumene otsatsa malonda sakonda kujambula: m'mafakitale oluka ndi kunyika nsalu, komwe madzi ochuluka amatenthetsedwa, m'malo ambiri ndi malasha. Kampani ikandiuza kuti yathandiza mafakitale ake ku Vietnam kapena ku Indonesia kusiya malasha, ndimatchera khutu kuposa ikandiwerengera mabotolo.

Nanga wosoka? Mu 1996 magazini ya Life inatulutsa chithunzi cha mwana wa ku Pakistan akusoka mpira wa Nike, ndipo dzina la kampaniyo linaipa kwa zaka. Mu 2005 Nike inaulula mayina ndi malo a mafakitale oisokera katundu, chinthu chimene makampani akuluakulu ankabisa poopa opikisana nawo. Adidas nayo imatulutsa mndandanda wake. Izi zimathandiza mabungwe a ogwira ntchito kudziwa khomo loti agogode malipiro akachedwa. Komabe mndandandawo sukuuza ngati mayi wokhala pa makina tsiku lonse amalandira zokwanira lendi ndi chakudya. Kampani zambiri zimangoonetsetsa kuti fakitale ikulipira ndalama yotsikitsitsa imene lamulo la dzikolo limalola, ndipo m'mayiko ambiri osoka zovala ndalamayo imatha mwezi usanathe.