Kamba wa makutu ofiira anafika bwanji m'maiwe a m'mizinda?

Mu February 2023, ogwira ntchito ku Prospect Park, m'dera la Brooklyn mumzinda wa New York, anavuula ng'ona ya mtundu wa alligator m'dziwe la pakiyo. Inali yopitirira pang'ono mita imodzi, yowonda, yolefuka ndi kuzizira, poti kwawo kwa nyamazi n'kummwera kwa America kotentha, monga ku Florida. Atapita nayo kumalo osungirako nyama a Bronx Zoo, madokotala anapeza kuti inameza chotsekera madzi cha m'bafa. Sinachire, inafa mu April. Ng'ona siyenda yokha kuchoka ku Florida kudzafika ku Brooklyn. Alipo amene ankaiweta m'nyumba, ndipo itamukulira anakaiponya m'madzi.

Nkhaniyi inamveka chifukwa ng'ona imaopsa. Koma amene amasamalira maiwe ndi malo otetezera nyama m'mizinda akhala akulimbana ndi chiweto china chotayidwa kwa zaka zambiri popanda phokoso. Ameneyu ndi kamba wa m'madzi wokhala ndi mzere wofiira kuseri kwa diso lililonse, uja amamutcha red-eared slider.

Kwawo kwenikweni n'kuchigwa cha mtsinje wa Mississippi ku America mpaka kumpoto kwa Mexico. Alimi a ku Louisiana, dera la m'chigwachi, anayamba kumuweta m'maiwe kuti azigulitsa tiana tongoswa kumene, tobiriwira, tating'ono ngati ndalama yachitsulo. M'zaka za m'ma 1960 makolo ankagulira ana awo tiakambati motchipa, pamodzi ndi kambale kapulasitiki kosungiramo. Chimene wogulitsa sankanena n'chakuti kanthu kameneka kamakula mpaka masentimita 30, kamatha zaka 20 kapena 30 kali moyo, kamaluma, ndipo madzi ake amanunkha msanga.

Vuto linayamba kuonekera m'chipatala. Akambawa amakhala ndi tizilombo ta salmonella toyambitsa matenda a m'mimba, ndipo ana ankawagwira n'kuika zala m'kamwa, ena mpaka kuwaika akambawo m'kamwa momwemo. Mu 1975 bungwe la boma loyang'anira zakudya ndi mankhwala la FDA linaletsa kugulitsa ku America kamba aliyense wa chigoba chosafika mainchesi 4, omwe ndi pafupifupi masentimita 10. Ana a ku America anatetezeka, koma alimi aja sanatseke mafamu. Anangotembenukira kumsika wakunja, ndipo pakati pa 1989 ndi 1997 anatumiza akamba oposa 50 miliyoni kumayiko ena. Ku Britain malonda anakwera kwambiri chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, pamene ana anatengeka ndi katuni ya akamba odziwa ndewu. Ku Japan ankawagulitsa m'timisika ta pa zikondwerero. Patapita zaka zingapo, ana aja atakula n'kutopa nawo, akambawo anayamba kuoneka m'ngalande za ku London, m'maiwe a ku Tokyo, ngakhale m'dziwe la Turtle Pond mu Central Park ku New York.

Mkangano wake wagona apa. Wotaya kamba sadziona ngati wankhanza. Amati, "Ndamumasula, kumeneko akapeza anzake." Woyang'anira dziwe amaona zina. Kamba wa makutu ofiira ndi wamkulu komanso wolimba mtima kuposa akamba ambiri obadwira kumaloko. Kamba amafunika kuothera dzuwa kuti chakudya chigayike, ndipo chipika chothera dzuwa chikakhala chimodzi, amakwerapo ndi mlendoyu, eni ake n'kumangoyandama m'mbali. Amadya zomera, ambululu, tizilombo ta m'madzi, chilichonse chimene wapeza. Nthawi yozizira amazama m'matope n'kudikira. Ku Britain saswana kwenikweni chifukwa mazira ake amafuna kutentha, koma kummwera kwa Ulaya ndi ku Japan akuswana ndithu. Mwa maganizo anga, chifundo cha wotaya uja n'chofuna kupepula mtima wake yekha basi, chifukwa ziweto zambiri zotayidwa chonchi zimafa ndi njala kapena kuzizira, ndipo zochepa zimene zapulumuka ndi zomwe zimasautsa nyama za pamalopo.

Malamulo akhala akubwera mochedwa. Bungwe la European Union linaletsa kuitanitsa akambawa mu 1997, amalonda n'kuyamba kubweretsa abale ake a mimba yachikasu, mpaka mu 2016 pamene mtundu wonsewo unaikidwa pa mndandanda wa nyama zowononga. Ku Florida, komwe nsato za ku Burma zochokera m'malonda a ziweto zatha tinyama tambiri m'dambo la Everglades, boma linayamba mu 2006 kulandira ziweto zachilendo kwa eni ake popanda kuwalipiritsa chindapusa, n'kuzipezera osunga ena.

Ku Japan akuluakulu anazengereza kwa zaka poopa kuti akaletsa kuweta kambayu, mabanja onse amene ali naye akamutaya kumtsinje nthawi imodzi. Lamulo limene linayamba kugwira ntchito mu June 2023 linadzera pakati: amene ali naye kale akhoza kumusunga mpaka atafa, koma kumugulitsa, kumuitanitsa kunja kapena kumutaya m'madzi ndi mlandu.