Parlarò kulibe abale, ndi parlerò

Ndatopa nako kukonza liwu limodzimodzi chaka ndi chaka. Munthu waphunzira Chitaliyana miyezi 6 koma pofuna kunena kuti ndidzalankhula akulembabe parlarò. Ayi. Maverebu othera ndi -are, a uja amasanduka e mukamakamba zamtsogolo: parlerò, parlerai, parlerà, parleremo, parlerete, parleranno. Okana lamuloli ndi timaverebu tatifupi tija fare, dare ndi stare, timangoti farò, darò, starò. Pagare amafuna h kuti g asafewe, pagherò, pomwe mangiare amataya i, mangerò. Enawa sarò, avrò, andrò, verrò, vorrò ingolowezani basi, palibe chidule.

Koma chimene chimandiwawa mpaka lero ndi m mmodzi. Sisitere wina yemwe ndinkamuphunzitsa asanapite ku Roma, munthu wakhama zedi kope lake loyera bwino, atafika uko analembera banja lina lomwe linawaitana kuti verremmo sabato, mmalo mwa verremo sabato (sabato ndi loweruka). Verremo ndiye kuti tidzabwera. Verremmo, ma m awiri, ndi ngati kunena kuti tikanabwera koma pali chovuta. Eni nyumba anamva ngati anthu akukana mwaulemu, sanakonze kalikonse, loweruka masisitere awiri ali pageti ndi zikwama. Anandiimbira mawu akunjenjemera ndi manyazi ndipo ine ndinadziwa kuti mbali ina ndine, sindinamukakamize kutchula mokweza mpaka khutu limve kusiyana. Ife kuno ma m awiri pakati pa liwu sitinawazolowere, timangodutsapo.

Chinanso, si zamawa zonse zimafuna futuro, kanenedwe ka zamtsogolo kaja. Ife timati mawa ndinyamuka osati nthawi zonse ndidzanyamuka eti? Iwonso amati domani parto. Ndipo mukafunsa nthawi wina nkuyankha saranno le tre, sakulosera ayi, akuti iyenera kuti ndi 3 koloko.

Nde chonde awa a pa Facebook oti Chitaliyana m'masabata awiri tumizani ndalama, asiyeni. Ndalandirapo ophunzira ochoka kwa anthu otere akulemba parlero popanda kachizindikiro pamwamba pa o, ena anawauza kuti vado a (ndikupita ku) ndiye futuro basi, kuchotsa zimenezo mmutu kumatenga nthawi kuposa kuphunzitsa munthu watsopano. Ndipo musadikire visa ya ku Italy ituluke kaye. Yambani pano, tengani verebu imodzi patsiku, muitchule mokweza m'njira zonse 6 (ine, iwe, iye, ife, inu, iwo), pa verremmo paja milomo itsekeke kaye pang'ono musanatulutse mo.