Wayilesi ya dijito siya intaneti ayi

Anthu ambiri akamva zoti wayilesi ya dijito, amaganiza kuti imafuna bandulo ngati pomvera pa foni. Sichoncho. Njira yotchedwa DAB imaulutsa mawu kuchokera pa nsanja monga FM, ndipo womvera salipira kanthu. Kusiyana kwake n'kwakuti mawayilesi ambiri amanyamulidwa pa mafunde amodzi, pamene pa FM iliyonse imafuna akeake.

Vuto lili pa chomvetsera. Wayilesi yanu yakale ija, ngakhale muipinde bwanji, singagwire DAB. Muyenera kugula ina. Apa m'pomwe anthu amachita mphwayi. Ku Britain, BBC idayamba kuulutsa pa DAB mu 1995, koma mpaka lero FM ikulirabe m'makhitchini mwawo.

Norway ndiye idalimba mtima. Mu 2017 idakhala dziko loyamba kuzimitsa FM ya mawayilesi a dziko lonse, poti kufikitsa mafunde m'mapiri ake ambirimbiri pa njira ziwiri kunkadya ndalama. Eni magalimoto adadandaula zedi, chifukwa ambiri adakakamizika kugula kachipangizo kowonjezera. Ngakhale kumeneko, mawayilesi aang'ono am'madera adaloledwa kukhalabe pa FM.