Ziwerengero za Kampani pa Cloud: Nkhawa Zoyenera Kuziganizira Musanasaine

Eni makampani ambiri mu Lilongwe, kuyambira ogulitsa katundu wa holoselo ku Malangalanga mpaka a mafakitale ku Kanengo, akhala akuyenderedwa ndi anthu otsatsa mapulogalamu osanthula ziwerengero za bizinesi, monga Power BI ya Microsoft, Tableau ndi Looker. Ntchito ya mapulogalamuwa ndi kusonkhanitsa ziwerengero zimene zabalalika m'mabuku a akaunti, mu Excel ndi m'makina a pa tilu, n'kuzionetsa m'matchati oti mwini kampani azitha kuona pa foni m'mawa uliwonse zimene zagulitsidwa dzulo, katundu amene watsala ndiponso anthu amene sanabweze ngongole. Akamati pulogalamu ili pa cloud, ndiye kuti ziwerengerozo zikusungidwa pa makompyuta akuluakulu a kampani ina, kawirikawiri kunja kwa dziko lino, ndipo inu mumazifikira kudzera pa intaneti, n'kumalipira mwezi ndi mwezi.

Funso limene akuluakulu a makampani amayamba kundifunsa ndi lakuti kodi zinsinsi zawo sizibedwa. Nkhawayi ndi yomveka, koma ndimawapempha kuti ayambe aona m'mene zinsinsizo zikusungidwira lero. M'maofesi ambiri mupeza seva (kompyuta yosungira zolemba za kampani) yakale ili pansi pa tebulo la akauntanti, yafumbi, pasiwedi yake italembedwa pa kapepala komata pa sikirini, ndipo zosunga zapadera zili pa flash imodzi m'dirowa yosakhoma. Makampani monga Microsoft, Amazon ndi Google ali ndi akatswiri a chitetezo amene kampani ya anthu makumi atatu singakwanitse kulemba ntchito. Pamene pamaboola nthawi zambiri ndi kwa ife tomwe: kubwerekana pasiwedi, ndi kuiwala kutseka akaunti ya munthu amene wasiya ntchito. Choncho chofunika ndi chakuti aliyense akhale ndi akaunti yakeyake, polowa azitsimikiza ndi nambala yobwera pa foni, ndipo woyang'anira nthambi aziona ziwerengero za nthambi yake yokha.

Pali mbali ya malamulo imene siyenera kunyalanyazidwa. Lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024, limene amaliyang'anira ndi a MACRA, limaika zoyenera kutsatira potumiza kunja kwa dziko mayina, manambala a foni ndi zina zokhudza anthu. Funsani wotsatsayo kuti ziwerengero zanu zikakhala m'dziko liti, ndipo yankho lilembedwe mu mgwirizano. Microsoft inatsegula malo ake osungira deta ku Johannesburg ndi ku Cape Town mu 2019, ndipo Amazon inatsegula ake ku Cape Town mu 2020, koma sikuti zanu zikakhala kumeneko popanda inu kusankha. Komanso matchati ambiri safuna mayina a makasitomala, moti mutha kuwachotsa musanatumize kalikonse.

Za magetsi ndi intaneti sizifuna kufotokoza kwambiri, chifukwa tonse tikukumbukira mdima umene unabwera siteshoni ya Kapichira itaonongeka ndi namondwe wa Ana mu Januwale 2022. Pamenepa cloud imathandiza, poti makompyuta akutaliwo sazima magetsi akathima kuno, ndipo foni yokhala ndi bando imakwanira kuonera malipoti. Vuto lili pa intaneti. Dziko lathu lilibe nyanja yamchere, choncho mawaya athu amadzera m'maiko oyandikana nawo, ndipo mawaya a pansi pa nyanja a Seacom ndi EASSy atawonongeka mu Meyi 2024, intaneti inavuta m'maiko angapo a chigawo chino, kuphatikizapo Malawi. Langizo langa ndi lakuti kugulitsa, kulemba malisiti ndi kulipira antchito kusadalire pulogalamu yosanthulayi. Lipoti likachedwa tsiku limodzi kampani siigwa, koma tilu ikaima ndiye kuti malonda aima.

Nkhawa imene ndimaiona kuti ndi yaikulu kuposa zonsezi, koma imene anthu amaifunsa pomalizira, ndi ya ndalama zakunja. Pulogalamu ya pa cloud ili ngati nyumba ya lendi imene mwini wake amafuna madola, pamene inu mumagulitsa m'makwacha. Microsoft inakweza mtengo wa Power BI Pro kuchoka pa madola 10 kufika pa madola 14 pa munthu aliyense pa mwezi mu Epulo 2025, kutanthauza kuti kampani yolembetsa anthu 20 imafunika madola 3,360 pa chaka. Ndalamayi ingaoneke yochepa, koma kumbukirani kuti mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700, ndipo aliyense wolipira m'madola anadzuka bilu yake itakula popanda kuwonjezera kanthu. Pamwamba pake pali kudikira kubanki kuti madolawo apezeke, pamene kwa eni pulogalamu tsiku lolipira likadutsa akaunti imatha kutsekedwa. N'chifukwa chake ndimalimbikitsa kufunsa ngati pali wogulitsa wovomerezeka wa m'dziko muno amene angalandire makwacha, kulipiriratu chaka chonse ngati madola apezeka, ndi kusagulira laisensi munthu amene amangofuna lipoti limodzi pa sabata. Palinso mapulogalamu aulere monga Metabase, ngakhale amafuna munthu wodziwa kuwasamalira, ndipo munthu ameneyo amafuna malipiro.

Ndalama zonsezi zingapite pachabe ngati zolemba za kampani zili zosokonekera. Kasitomala mmodzi akalembedwa mayina atatu osiyana, nthambi ya ku Kasungu ikamawerengera feteleza m'matumba pamene ya ku Dedza ikuwerengera m'makilogalamu, kapena malonda a tsiku akamabwera ngati chithunzi cha kope pa WhatsApp, pulogalamu imatulutsa tchati chokongola koma chabodza, ndipo abwana amachikhulupirira chifukwa chachokera mu kompyuta. Izi zimandidetsa nkhawa kwambiri, poti munthu amatha kuitanitsa katundu wa mamiliyoni potsatira ziwerengero zolakwika. Ndi bwino kuyamba ndi funso limodzi lokha, monga lakuti ndi katundu uti amene akukhalitsa pa shelefu, kukonza zolemba zokhudza funsolo, ndi kuyerekeza zimene pulogalamu ikunena ndi zimene akauntanti wapeza kwa miyezi ingapo musanapitirire.

Musanasaine, werengani ndime yonena za kuthetsa mgwirizano. Iyenera kunena momveka kuti ziwerengero ndi zanu, kuti mutha kuzitsitsa zonse m'fayilo ya Excel kapena ya CSV (fayilo ya ziwerengero yotsekulika m'mapulogalamu ambiri) nthawi iliyonse, ndiponso kuti adzakupatsani masiku angati ochitira zimenezi mukasiya kulipira. Akaunti yaikulu ilembetsedwe m'dzina la kampani, osati pa imelo ya katswiri amene mwamulemba ganyu yoika pulogalamuyo.