Maule ndi Manoma: maina ambirimbiri, bwalo limodzi lobwereka

Malume anga a ku Ndirande sanena kuti Bullets. Mpaka lero amangoti Bata. Mnzawo wa ku Chilomoni, amene akhala akukangana naye za mpira kuyambira ndisanabadwe, timu yake amaitchula kuti Yamaha, tsiku lina Limbe Leaf. Ife tinakula tikumva za Total Big Bullets ndi Telecom Wanderers, kenako Bakili Bullets ndi MTL, ndipo ana a masiku ano anapeza Be Forward, Mukuru ndi FCB Nyasa. Matimu ake ndi awiri omwewo, Bullets ofiira (Maule) ndi Wanderers abuluu (Manoma), koma munthu wa mu Blantyre muno akangotchula dzina la timu yake mumadziwiratu msinkhu wake. Mukawaika pamzere mainawa mupeza nsapato, njinga zamoto, fodya, mafuta a galimoto, matelefoni, mtsogoleri wa dziko, galimoto zochokera ku Japan ndi banki. Aliyense amene anali ndi ndalama m'nyengo yake anabwera, nalemba dzina lake pa jezi, nthawi itakwana nkuchoka.

Wamkulu pa awiriwa ndi Wanderers. Inayamba mu 1962, oyambitsa ake anali Apwitikizi okhala mumzinda uno, ndipo poyamba inkatchedwa Portuguese Wanderers. Mu 1967 osewera ena anapatuka nkukayambitsa timu yawo, Nyasaland Bullets, yomwe posakhalitsa kampani ya nsapato ya Bata inaitenga. Nchifukwa chake mkangano wa Maule ndi Manoma suzizira, ndi wa pachibale. Anthu a nyumba imodzi akagawana mbale sasamukira kutali, amaonana pachitsime tsiku ndi tsiku. M'banja limodzi mupeza bambo wa Noma, mayi wa Maule, ana agawikana pakati, ndipo Lolemba lotsatira masewero amene wagonja amafuna njira ina yopitira kuntchito.

Achinyamata ambiri sadziwa mmene wosewera wa nthawi imeneyo ankakhalira. Mpira sunali ntchito. Ntchito inali ku kampani, mpira unali chifukwa chopezera ntchitoyo. Mnyamata akaoneka kuti ali ndi mwendo, ankamulemba ukalaliki kapena kumuika kusitolo, m'mawa agwire ntchito, masana apite kokonzekera masewero. ADMARC inali ndi Tigers, MDC inali ndi MDC United, kunali Hardware Stars. Ku Lilongwe Reserve Bank inali ndi Silver Strikers, ogwira ntchito m'boma anali ndi Civo, ku Zomba asilikali anali ndi Red Lions. Malipiro a pamwezi sankadalira kuti Loweruka mwapambana kapena ayi, ndipo wosewera akathyoka mwendo ankabwerera pa desiki yake.

Sindikufuna kuinyoza njira imeneyi, chifukwa ndi yomwe inatipatsa mpira umene akuluakulu amaulirabe. Flames inatenga chikho cha East and Central Africa mu 1978 kuno kwathu itagonjetsa Zambia 3-2, inachitetezanso mu 1979, nkudzachitenganso mu 1988. Mu 1984 inapita koyamba ku Africa Cup of Nations, ndipo mu 1987 inabwera ndi mendulo ya malo achitatu kuchokera ku All-Africa Games ku Nairobi. Kinnah Phiri wa Bata Bullets anamwetsa zigoli 71 mu jezi ya dziko, palibe amene wamupeza mpaka pano. Jack Chamangwana wa Wanderers, amene anthu anamupatsa dzina loti Africa, anakafika ku Kaizer Chiefs. Lawrence Waya akagwira mpira kumphepete, malume amati ngakhale a Manoma ankaimirira. Amene analibe ya pachipata ankaunjikana pa wailesi imodzi kumvera MBC, ndipo mawu a Steve Liwewe Banda analowa m'nyumba zambiri kuposa mmene osewerawo akanafikira.

Ligi ya dziko lonse inabwera mochedwa. Kale matimu ankasewera m'zigawo, a ku Blantyre paokha, a ku Lilongwe paokha, nkumakumana m'zikho basi. Super League inayamba mu 1986 ndi matimu 8, ndipo oyamba kuitenga anali Bata Bullets. Mzinda uno unkalamulira: MDC United inaitenga mu 1988, ADMARC Tigers mu 1989, Wanderers mu 1990.

Kenako zinthu zinatembenuka. M'zaka za m'ma 1990 ndi kumayambiriro kwa 2000 makampani aboma anayamba kugulitsidwa, ena kutsekedwa, ena kuchepetsa antchito, ndipo choyamba kudulidwa pa bajeti chinali mpira. Hardware Stars inazimirira. MDC United, timu yomwe inkasewera mpira wapansi wokoma, inapita limodzi ndi kampani yake. Ngakhale ESCOM United, yomwe inadzatenga ligi kawiri pambuyo pake, lero kulibe mu ligi yaikulu. Bullets ndi Wanderers zinapulumuka chifukwa cha chinthu chimodzi chomwe matimu enawo analibe chokwanira: anthu. Kampani ikachoka, ochemerera ankatsala.

Chaka cha 2004 chimafunika kuchifotokoza bwino, chifukwa chimaonetsa kutalika kumene tingafike komanso kufupika kwa mwendo umene tinkaimirapo. Bakili Muluzi atayamba kuthandiza timuyi, dzina linasintha kukhala Bakili Bullets, ndalama zinalipo, ndipo mphunzitsi anali Kinnah Phiri yemwe uja. Peter Mponda kumbuyo, Swadick Sanudi pagolo, Fischer Kondowe akuthamanga kumphepete. Anatulutsa Orlando Pirates ya ku South Africa nkulowa m'magulu a CAF Champions League, komwe anakumana ndi Enyimba, Étoile du Sahel ndi Africa Sports. Ndinali mnyamata, ndipo sindidzaiwala mmene msewu wa Masauko Chipembere unkadzadzira kuyambira pa Ginnery Corner, anthu atapachikika m'mawindo a minibasi, ena atadzola utoto wofiira thupi lonse, ogulitsa nzimbe ndi chimanga chootcha katundu atawathera dzuwa lisanapendeke. M'zaka zimenezo Bullets inatenga ligi kasanu ndi kawiri motsatizana. Koma thandizo lija litatha, timu yomweyo inayamba kusowa ndi ya basi yomwe. Osewera ankanyanyala kukonzekera chifukwa cha malipiro, makomiti ankachotsana, ndipo ndalama za pachipata zinkathera m'manja mwa anthu ambiri zisanafike kwa amene anatuluka thukuta. Aluso onse ankangoyang'ana njira ya ku Joni kapena ku Mozambique. Gabadinho Mhango anachoka ali mwana mu 2013 kupita ku Bloemfontein Celtic, ndipo chigoli chake chija chomwe anamwetsa Morocco ali patali mu Januwale 2022 chinatikumbutsa zimene mabwalo afumbi a kuno amabala.

Kusintha kumene tikukuona lero kunayamba pang'onopang'ono. Kampani ya matelefoni ya TNM inathandiza ligi kwa zaka zoposa 15, ndipo kukhazikika kumeneko kunathandiza kuti nyengo ya mpira iziyamba ndi kutha. FAM, bungwe loyendetsa mpira m'dziko muno lomwe likulu lake lili ku Chiwembe, inayamba kukakamiza matimu kuti akhale ndi chiphaso: makontirakiti olembedwa, aphunzitsi a mapepala, matimu a achisodzera. Kampani ya Nyasa Manufacturing sinangolemba dzina pa jezi ya Bullets ayi, inatenga umwini, timu nkukhala kampani yokhala ndi ofesi, mabuku ndi antchito ake. Zipatso zake zinaoneka pabwalo. Kalisto Pasuwa wa ku Zimbabwe anatenga ligi kasanu motsatizana kuyambira 2018 mpaka 2023, ambiri mwa anyamata ake atachokera ku timu ya rizevu, ndipo mu 2023 anasesa ligi, FDH Bank Cup, Airtel Top 8 ndi Castel Challenge Cup. Ku Lali Lubani nako, kwawo kwa Wanderers, Be Forward itachoka Manoma anadutsa m'masiku owawa, koma nawo anasanduka kampani motsogozedwa ndi a Thom Mpinganjira. Mu 2024 Silver Strikers inalanda ligi, mphunzitsi wake ali Peter Mponda, ndipo ngakhale zinatiwawa ife a kuno, ligi imakoma pamene chikho sichidziwika kolowera. Masewero tsopano amaoneka pa kanema ndi pa foni, amayi ndi ana ayamba kubwerera kubwalo, ndipo mnyamata wa ku Bangwe akhoza kuuza makolo ake kuti mpira ndi ntchito osakalipiridwa.

Koma pali chinthu chimodzi chomwe sichinasinthe chiyambire 1967, ndipo ndi chomwe chimandipweteka. Matimu awiri aakulu m'dziko muno alibe bwalo lawolawo. Onse akhala akusewera pa Kamuzu Stadium, bwalo la boma, ndipo mwini bwalo amatapa gawo lake pa ndalama za pachipata matimu asanagawane zotsala. Bwaloli nalo lasintha maina ngati matimu ake. Linamangidwa m'zaka za m'ma 1950, linkatchedwa Rangeley Stadium, dzina la mkulu wina wa boma la atsamunda, ndipo mbendera ya Malawi inakwezedwa pamenepa mu Julayi 1964. Linadzakhala Kamuzu, mu nthawi ya Muluzi linakhala Chichiri Stadium, Bingu wa Mutharika nkulibwezera dzina la Kamuzu. Lakalamba. Masitandi ena akumwamba anatsekedwa chifukwa cha ming'alu, ndipo lakhala likutsekedwa ndi kutsegulidwa, monga linatsegulidwanso mu 2018 ataika kapinga wina wochita kupanga. Aliyense amene anakhalapo ku masitandi a Biafra dzuwa likuswa mtengo, simenti ikuotcha kumatako, akudziwa kuti timalikonda bwaloli, komanso akudziwa mmene zimbudzi zake zimakhalira.

Mu 2019 boma la a Peter Mutharika linalonjeza kumangira matimu awiriwa mabwalo, la Bullets cha ku Zingwangwa, la Wanderers cha ku Soche. Anthu anakangana ngati nkoyenera kuti misonkho imangire matimu omwe ali ndi eni ake, ntchito inayambika, kenako inaima kwa zaka. Ine mbali yanga ndi yakuti timu yodzitcha kampani iyenera kukhala ndi pakhomo pake, kaya pamangidwe ndi ndani, chifukwa popanda bwalo palibe chimene ingagulitse kupatula dzina lake, ndipo taona kale mmene maina amathera.

Mtengo wa kusowa bwalo umaoneka bwino tikalowa mu mpikisano wa CAF, bungwe la mpira mu Africa. Popeza Kamuzu Stadium siikwanira pa muyezo wawo, masewero a pakhomo amakachitikira ku Bingu National Stadium ku Lilongwe, yomwe inatsegulidwa mu 2017, mtunda wa makilomita oposa 300 kuchokera ku Chichiri. Simba ya ku Tanzania inatulutsa Bullets mu 2022, TP Mazembe inachitanso chimodzimodzi mu 2023, ndipo onsewo anatipeza kumeneko. Tsiku la Mazembe lija ndinapita ku Ndirande. Malume, amene anaonera Orlando Pirates ikugwa ndi maso awo atayenda wapansi kuchokera kunyumba, anali pakhonde atavala jezi yawo yofiira yothetheka kolala, kawailesi kali pa bondo. Ya basi yopita ku Lilongwe ndi kubwera analibe. Mpira utatha anazimitsa wailesi, nkundifunsa ngati ndadutsako ku Zingwangwa posachedwa, ndiponso ngati khoma lija lakwerako.