Philipp Hildebrand sanabe ndalama za banki ya boma

Mkulu wa banki ya boma akatula pansi udindo chifukwa cha nkhani ya ndalama zakunja, anthu amathamangira kunena kuti waba chuma cha boma, mwina wamangidwa. Ndi mmene ena amakambira za Philipp Hildebrand wa ku Switzerland. Si zoona.

Hildebrand analowa m'bungwe loyendetsa Swiss National Bank, banki yaikulu ya dzikolo, mu 2003, nakhala wapampando wake mu 2010. Mu August 2011, mkazi wake anagula madola a America pafupifupi 500,000 ndi ndalama za banja lawo. Pa 6 September bankiyo inalamula kuti euro imodzi isatsike pansi pa ma franc 1.20 (franc ndi ndalama ya ku Switzerland). Franc inagwa mphamvu, ndipo madola aja anakwera mtengo. Apa ndi pamene panagona chikaiko chenicheni: kodi banjali linadziwiratu?

Akatswiri a PricewaterhouseCoopers, kampani yofufuza mabuku a ndalama, atafufuza anapeza kuti malamulo a bankiyo sanaphwanyidwe, ndipo Hildebrand sanazengedwe mlandu kukhoti. Ndalama za boma sizinakhudzidwe konse. Anatula yekha udindo pa 9 January 2012, atanena kuti sangathe kupereka umboni wokwanira woti mkazi wake anachita izi iye osadziwa.

Ine ndimaona kuti anayeneradi kuchoka. Munthu amene mawu ake amasintha mtengo wa ndalama ya dziko lonse sayenera kusiya mpata woti m'nyumba mwake mupezeke phindu lotere. Koma kumutcha mbava ndi kumunamizira. Thomas Jordan ndiye analowa m'malo mwake, ndipo Hildebrand anapita kukagwira ntchito ku BlackRock, kampani ya ku America yoyendetsa ndalama za anthu ndi mabungwe, chaka chomwecho.