Sakhala m'dzenje miyezi yonse ayi

Ambiri amaganiza kuti asilikali oyang'anira mizinga ya nyukiliya ku America amakhala pansi pa nthaka miyezimiyezi, chala chili pa batani lofiira. Si zoona. Ku malo a asilikali a nkhondo ya mumlengalenga a Minot, Malmstrom ndi F.E. Warren, komwe kuli mizinga 400 ya Minuteman III, amatsikira awiriawiri m'kachipinda ka pansi, kawirikawiri kwa maola 24, n'kumayang'anira mizinga 10. Bedi ndi limodzi: wina akagona, mnzake ali maso. Batanilo kulibe. Kuti aponye mzinga, makiyi amayenera kupotokoledwa nthawi imodzi, ndipo gulu linanso la m'kachipinda kena livomereze.

Nthawi yambiri imathera poyesa makina ndi kuwerenga za maphunziro awo. Akaweruka amakatenga ana kusukulu ngati kholo lililonse, pokhapokha chipale chofewa chikatseka msewu, odzawalandira ntchito osafika, apabanja n'kumangodikira kunyumba.